Mmene Ndinaphunzirira Chilatini pa Mafupa a Mbuzi

Ndisanalowe m'nkhani yeniyeni, ndi koyenera kuti ndifotokoze za maphunziro anga, kuopa kuti wowerenga angandiyese munthu wamkulu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, m'makalasi apakati. Zotsalazo ndinaphunzirira pa ntchito, pa msika wogulira thonje, pamene ndinayamba ngati mesenjala ndi kutsiriza ngati kalaliki wa pa sikelo. Makalata ochokera ku likulu ankadutsa m'manja mwanga, ndipo ndinkawakopera pamanja ngakhale panalibe wondituma, chifukwa ndinkasirira mmene mawu ake ankaimira mowongoka, lililonse pa malo ake. Kalembedwe kanga kanachokera kumeneko. Anzanga a ku Makhanga amati ine ngakhale popempha mchere ndimayamba ndi "malinga ndi". Sindiwatsutsa.

Mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa, anasankhidwa kupita ku koleji ya zachipatala ya kumtunda, kukaphunzira ntchito yoyeza ndi kuchiza odwala. M'banja mwathu, kuchimuna ngakhale kuchikazi, panalibe amene anafikapo pamenepo. Chaka choyamba chitatha, anabwera kumudzi ndi uthenga wakuti phunziro limodzi, la ziwalo za thupi la munthu, sanakhoze. Lamulo la kolejiyo linali lakuti wolephera amapatsidwa mwayi umodzi wobwereza, ndipo akalepheranso amachotsedwa sukulu. Mayesowo anali a pakamwa: wophunzira amaima pamaso pa woyesa, nafunsidwa mayina a ziwalo ndi kuloza pamene zili. Anauzidwa kuti akakonzekere kwawo pa tchuthi, ndipo abwerere tsiku la mayeso likayandikira.

Zonsezi anafotokoza atagwada chapatali, monga mwa mwambo, maso ali pansi. Amayi ake anangoti, "Wafika, samba udye." Ine ndinapempha kuti buku lake ndilione.

Linali buku lolemera, la zithunzi za munthu wosendedwa khungu. Chingerezi chake ndinkachitsatira ndithu, ngakhale pang'onopang'ono, koma mayina a ziwalo sanali a Chingerezi. Ndinaonanso chinthu china chimene chinandivutitsa monga kalaliki. Pa tsamba lina fupa la mkono linalembedwa kuti humerus, koma pa tsamba lotsatira panali caput humeri. Fupa la mwendo linali femur, kenako caput femoris.

"Kodi osindikiza bukuli analakwitsa?" ndinafunsa.

"Ayi, Bambo. Ndi Chilatini. Timangoloweza."

"Kuloweza chinthu osadziwa chifukwa chimene chasinthira?"

"Nthawi yofunsa siikhalapo, Bambo."

Pomwepo ndinagamula mumtima mwanga kuti gwero la kulephera kwake ndalipeza, ndipo ndinatsimikiza kulikonza.

Tsidya la Shire, kufupi ndi Bangula, kunali aphunzitsi ena opuma ntchito amene pa unyamata wawo anaphunzirako za unsembe ku seminale, natulukako asanadzozedwe. Ndinkawadziwa chifukwa thonje lawo linkadutsa pa sikelo yanga. Mvula inali itangoyamba ndipo mtsinje unali usanadzaze. Ndinawoloka pa bwato ndi kuwapeza akudyetsa abakha kuseri kwa nyumba.

"Mwabwera ndi samani kapena?" anandifunsa, ataona jekete ndi buku la m'khwapa.

"Ndabwera kudzapempha thandizo pa nkhani ya mayina a Chilatini amene akusintha kumapeto popanda chifukwa chooneka."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chifukwa chilipo, a kalaliki. Inu mumati munthu, anthu, mudzi, midzi. Chichewa chimasinthira kumutu. Chilatini chimasinthira kumchira. Basi, seminale mwamaliza."

Atasiya nthabwala anandikhazika pa mpando ndi kufotokoza mwadongosolo. Anati mayina onse a Chilatini ali m'magulu asanu, ndipo gulu lililonse lili ndi michira yake. Dzina limavala mchira malinga ndi ntchito imene likugwira: wina likakhala lochita, wina likakhala lochitidwa, winanso likakhala mwini wa chinthu. Anati ka "wa" kamene ife timaika pakati tikamati mutu wa fupa, iwo amakamata kumchira kwa fupalo, ndipo caput humeri si china ayi koma mutu wa humerus. Ndiyenera kuvomereza kuti pa nthawi imeneyo ndinamva kukoma kumene ndinkamva sikelo ikaima pakati penipeni.

Anatsegula buku pa chithunzi cha chifuwa, natola kamtengo ndi kulemba pa dothi kuti costa, kutanthauza nthiti.

"Ife ansembe ankatiphunzitsa ndi duwa, rosa, rosae. Inu mwandibweretsera nthiti. Chabwino, tidya nthiti zomwezo. Nenani pambuyo panga, mokweza."

Costa, costae, costae, costam, costa. Ankamenya beseni la abakha ndi kamtengo kaja pa mchira uliwonse, ine ndikutsatira. Anandiuza kuti za chipatala zimangofuna michira iwiri, wa dzina lenileni ndi wa mwini chinthu, pamodzi ndi ya zambiri, ndipo kuti inayo ndi ya ku misa. Ndinapempha kuti andipatse yonse, popeza sindinazolowere kusiya ntchito pakati.

Ndinawolokanso maulendo angapo. Gulu loyamba ndi lachiwiri sanandivute: scapula, scapulae, musculus, musculi, ligamentum, ligamenti. Lachinayi ndi lachisanu ali ndi mayina ochepa. Koma lachitatu linandisautsa, chifukwa limasintha ngakhale pamimba pa dzina: caput, capitis, os, ossis, femur, femoris. Nditadandaula, aphunzitsiwo anati, "Gulu limenelo lili ngati mtsinje wa Ruo. Pamene linadutsa chaka chatha si pamene lidutse chaka chino. Mungolizolowera."

Kunyumba tinalibe mafupa a munthu, ndipo sitikanawafuna. Ndinapangana ndi bambo wina wopha mbuzi pa tsiku la msika kuti azindisungira mafupa osawadula ndi nkhwangwa. Ndinawawiritsa, kuwapala, ndi kuwayanika pa denga la khitchini. Fupa limodzi la phewa linapita ndi galu wa oyandikana nawo, ndipo tinadikira msika wotsatira. Amayi a mwanayo ankayang'ana dengalo ndi kupukusa mutu, koma sanandiletse.

Tinkaphunzira pansi pa mtengo wa nimu, m'mawa tikabwerako ku dimba, dzuwa la kuno lisanafike poletsa munthu kuganiza. Ine ndinkakhala pa mpando ndi buku, iye pa mkeka chapatali, mafupa ali pakati pathu m'lichero. Ndinkanyamula fupa, iye n'kutchula dzina lake; kenako tinkalitsitsa dzinalo m'michira yake yonse, ine ndikumenya mwendo wa mpando ndi kamtengo. Tikamaliza ndinkaloza mbali ina ya fupalo, iye n'kunena kuti spina scapulae, kapena angulus costae, kapena caput humeri, ndi kufotokoza chifukwa chake mchira wasintha. Anasangalala nazo. Anati tsopano mayina aleka kukhala mulu wa miyala, ayamba kugwirana manja. Nthawi zina ankandikonza katchulidwe, mwaulemu, ponena kuti ku koleji amatchula mwa Chingerezi osati mwa ku misa.

Komabe panali chinthu chimene chinkandidabwitsa. Mwanayo sankalakwitsa kawirikawiri. Chigaza anachidziwa, msana anaudziwa, mitsempha ya mkono anaitchula motsatana osayang'ana m'buku. Ndinkadzifunsa kuti munthu wodziwa chotere analephera bwanji, koma ndinkadziyankha kuti ndi zipatso za kaphunzitsidwe kanga.

Apa ndiyenera kufotokoza mwambo umene anthu a kuno amaudziwa popanda kuuzidwa. Mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo ake sakhala naye moyandikana, salowa kumene amagona, ndipo samukhudza. Koposa zonse, ziwalo za pakati pa mchombo ndi mawondo sizitchulidwa pakati pawo m'chinenero chilichonse. Kutero ndi kulaula. Ngakhale mayi wobereka sakamba zimenezo ndi mwana wake. Ndi udindo wa azakhali ndi amayi ena osankhidwa. Ine ndinaleredwa motero, ndipo ana anga ndinawalera motero.

Choncho titatsiriza za chifuwa ndi msana, ndinagwira masamba angapo pamodzi, kuwatembenuza nthawi imodzi, ndi kulengeza kuti tayamba za bondo, limene ndi genu, la gulu lachinayi.

"Bambo, mwadumpha."

"Masamba amenewo ukawerenga pawekha."

"Ndinawerenga kale pandekha. Ndikuwadziwa."

"Ngati ukuwadziwa, palibe chifukwa chotayirapo nthawi."

Anatembenuza nthiti ya mbuzi m'manja. Kenako anayamba kulankhula, maso ali pa nthitiyo. Anati pa mayeso oyamba aja woyesa anali bambo wa imvi.

"Msinkhu wanu, Bambo. Ngakhale magalasi ngati anu. Anandifunsa za mkono, ndinayankha. Za chifuwa, ndinayankha. Kenako anaika ndodo m'chiuno mwa mafupa a munthu opachika m'chipinda cha mayeso, nati nditchule zonse za pamenepo, ndiponso zimene zimakhala m'katimo mwa munthu wamkazi. Mayina onse ndinali nawo pakamwa. Anakana kutuluka. Ndinangoyang'ana pansi. Anafunsanso, nafunsanso, mpaka anati ndizipita."

"Unawauza aphunzitsi ako chifukwa chake?"

"Ndikanawauza kuti chiyani, Bambo?"

Ndinatseka buku ndi kunena kuti phunziro la tsiku limenelo latha.

Ndinalingalira nkhaniyi mofatsa, ndipo ndinaona kuti inali yomveka. Michira ya Chilatini sindiyo inamulepheretsa. Chimene ankasowa chinali kuzolowera kutchula mayina amenewo mokweza, akuyang'ana nkhope ya mwamuna wachikulire. Kubwereza ndi mnzake wamkazi sikukanathandiza. Kumutumiza kwa aphunzitsi a ku Bangula, amene sanali abale athu, kukanabala nkhani yoposa pamenepo. M'mudzi monse, mwamuna wa imvi ndi magalasi amene akanatha kuwerenga bukulo ndinali ine ndekha, ndipo ndinali munthu yemweyo amene mwambo unkamuletsa koposa onse.

Ndinawafotokozera amayi ake madzulo, tikusankha mbewu ya mapira.

"Inu mutu ukuyenda bwino?" anatero. "Bambo ndi mwana wake? Anthu akamva tidzayenda njira iti?"

"Nanga akachotsedwa sukulu tidzawauza kuti chiyani anthu omwewo?"

"Chilatini chanucho si chophimba. Mwana akudziwa chimene akunena, inunso mukudziwa."

"Zimenezo ndi zoona."

M'mawa mwake amayi akewo anavala chitenje chatsopano napita kwa achemwali anga aakulu, amene ndi azakhali a mwanayo. Kwathu mawu a azakhali pa mwana wamkazi amalemera kuposa a bambo. Achemwali angawo amagulitsa nsomba zowamba, milamba ndi makakana, pa msika, ndipo pakamwa pawo Chisena chimatsogola, Chichewa chimabwera pambuyo. Anafika dzuwa lili pamutu, akununkha utsi wa nsomba, nakhala pansi osadikira mkeka.

"Ninji? Ndikumva kuti mwana alephere sukulu chifukwa cha manyazi a kalaliki?"

"Achemwali, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba..."

"Nkhabe, ayi, musandiwerengere kalata. Iwe mwana, ukamaliza sukuluyo, amuna odwala uzikawayeza utatsinzina?"

"Ayi, azakhali."

"Nanga ine ndikadwala m'mimba muno, ndikakupeza kuchipatala, udzayang'ana pansi?"

"Ayi, azakhali."

Anafunsa mafunso ena, kwa ine ndi kwa amayi ake, ndipo pamapeto anapereka chigamulo. Anati phunzirolo lichitike, koma masana ndi poyera, osati m'nyumba. Iwo adzakhala pakati pa ine ndi mwana nthawi zonse, ndipo akachoka buku litsekedwe. Mwana asaloze pa thupi lake kapena pa langa. Thupi lolozapo lidzakhala lawo, pamwamba pa chitenje. Ndipo pa ziwalo zimenezo pasamveke liwu la Chichewa kapena la Chisena, koma Chilatini chokha. Amayi a mwanayo anawonjezera kuti iwo azikhala kunjira ndi lichero lawo, kuti wobwera aliyense azimulandirira komweko.

Tsiku loyamba ndinavala jekete, kupukuta magalasi, ndi kutulutsa tebulo kuti ndifanane ndi woyesa. Achemwali anagona chagada pa mkeka, mikono ili pansi pa mutu. Mwana anaima mbali inayo. Ndinatsegula masamba amene ndinawadumpha aja, ndipo ndinakweza kamtengo kuti ndifunse funso loyamba.

Mawu sanatuluke. Ndinakonza kukhosi, ndinayesanso, koma sizinatheke. Chithunzi chinali patsogolo panga ndi mayina ake olembedwa bwino lomwe, ndipo ine, amene ndinawerengapo makalata a boma pamaso pa alimi okwiya, ndinangoyang'ana tebulo.

"Woyesa wakomoka," anatero achemwali. "Wina abweretse madzi."

Chimene chinandipulumutsa chinali kachitidwe ka aphunzitsi a abakha aja. Ndinasiya funso, ndi kuyamba kumenya tebulo ndi kamtengo. Ndinayambira pa dzina limene tinalizolowera kale: os, ossis, ossi, os, osse. Mwana anatsatira chapansipansi. Kuchokera pamenepo ndinalowa pa mafupa a m'chiuno, os coxae, os sacrum, os pubis, ndikutsitsa os yekhayo m'michira yake, kamtengo kosaleka. Kenako, popanda kupuma kuti ndiganize, ndinafika pa chiwalo chimene mwana amakhalamo asanabadwe. Uterus, uteri, utero, uterum, utero. Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Ndinaona kuti dzina likatsitsidwa motero kambirimbiri, maganizo amapita pa mchira wotsatira, ndipo dzinalo limasanduka katundu wamba, ngati mabelo a thonje owerengedwa pokweza m'galimoto. Manyazi sanathe, koma anasowa mpata woimapo.

Mwana ankanena nane, koma ankauza dothi.

"Kweza mawu!" anatero azakhali ake. "Yang'ana bambo akowo, saluma. Mano omwe anatha."

Anakweza maso mpaka pa batani la jekete langa. Tsiku limenelo tinalekezera pomwepo.

Masiku otsatira tinapitiriza motero. Tinkayamba ndi michira, onse awiri pamodzi. Cervix, cervicis, cervici, cervicem, cervice. Ovarium, ovarii, ovario. Lilime likafewa ndinkasiya kumenya tebulo ndi kufunsa mwa Chingerezi, monga woyesa, ndipo iye ankagwada pambali pa azakhali ake, kuika chala pamwamba pa chitenje, ndi kutchula dzina. Akayankha akuyang'ana pansi ndinkati yankholo silinalandiridwe, ngakhale likhale lolondola. Achemwali ankadandaula kuti nsomba zawo zikugulitsidwa ndi mpongozi wosadziwa kunenerera, koma sanajombe.

"Ana onse aja ndinaberekera m'mimba muno," anatero tsiku lina, "lero ndiye ndikumva kuti munali Chilatini."

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, podutsa, anamva mawu obwerezabwereza aja nafunsa kuti kuseriko kukuchitika chiyani. Amayi a mwanayo anayankha kuti bambo akuthandiza mwana za sukulu, ndipo anamupatsa mlendoyo mtedza woti aziswa. Sananame, ndipo sanawonjezere.

Panachitika chosokoneza kamodzi kokha. Mwana anaika chala penapake natchula dzina, ndipo achemwali, amene chidwi chinawakulira, anafunsa kuti chimenecho ndi chiti. Mwana anawanong'oneza kukhutu. Iwo anadzuka pa mkeka, nawomba m'manja, nafuula dzina la chiwalocho m'Chisena, mokweza ndithu, monga munthu amene wakumana ndi mnansi wake ku tawuni.

Ndinatseka buku, ndinaimirira, ndipo ndinachoka. Ndinayenda mpaka pa chitunda cha njanji yakale. Kuchokera pamenepo ndinaona kuti madzi ayamba kulowa m'madimba a kumunsi. Chimanga cha oyandikana nawo chinkangooneka nsonga, ndipo anthu ankakumba mbatata mofulumira madzi ali m'mawondo. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Ndinaganiza kuti amayi a mwana ananena zoona, kuti Chilatini si chophimba, ndipo kuti bambo anga akanakhala moyo sakanadya m'nyumba mwanga. Ndinaganizanso kuti mmene madzi ankakwereramo, mwanayo anayenera kunyamuka msanga njira isanatsekeke, ndipo masamba awiri anali asanakhudzidwe. Sindinapeze yankho logwirizanitsa maganizo awiriwa. Ndinangotsika pa chitundapo ndi kubwerera.

Ndinawapeza onse ali pamene ndinawasiya. Mwana anali atagwada, nkhope ili m'manja.

"Pepani, a kalaliki," anatero achemwali, atagonanso chagada. "Pakamwa panga ndi pa msika."

"Zamveka," ndinatero. Ndinakhala pansi, kutsegula buku, ndi kuyambanso ndi os, ossis.

Tsiku lotsiriza sitinayambe ndi michira. Ndinamuitana monga amaitanira ku koleji, ndinamuimika patsogolo pa tebulo, ndipo ndinafunsa mosakaniza: chigaza, chiuno, mkono, za m'kati, chiunonso. Ndinachita dala kukhwimitsa nkhope ndi kuyang'anira pamwamba pa magalasi. Anandiyang'ana m'maso pa yankho lililonse. Pawiri mawu ananjenjemera, koma anatuluka. Nditamaliza ndinati, "Woyesa wakhutira." Achemwali anadzuka, nadzikung'untha, nathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta. Msana wanga wamaliza koleji."

Pamene mwana ankanyamuka, msewu unali utamira kale ndipo Makhanga anali atasanduka chilumba, monga zimachitikira zaka zambiri. Tinamuperekeza mpaka pamene mabwato a injini ankakocheza. Buku analikulunga m'mapulasitiki ndi kulisenza pamutu. Azakhali ake anamupatsa milamba yowamba yokulunga m'nyuzipepala, amayi ake anamupatsa malangizo a madzi akumwa. Ine ndinali nditakonza mawu angapo, koma woyendetsa bwato anali wachangu, ndipo ndinangoti ayende bwino ndi kutidziwitsa zotsatira popanda kuchedwa.

Tinadikira. Mitambo inakhala masiku ambiri osachoka, moti kasola ka panyumba kanalephera kudzaza foni yanga, ndipo ndinkaipititsa kwa mnyamata wa sitolo amene ali ndi mabatire aakulu. Foniyo inalinso ndi vuto lakuti mawu sankamveka pokhapokha itatsegulidwa mokweza. Choncho pamene inalira, masana ena, ndinali pa khonde la sitoloyo pakati pa anthu obisala mvula, ena akusewera bawo, ndipo onse anamva.

"Bambo, ndakhoza."

"Uthengawu ndi wotsimikizika?"

"Zotsatira azimata pa bolodi. Ndikupitiriza chaka chachiwiri."

"Woyesa anali yani?"

"Omwe aja, Bambo. A imvi aja."

"Anakufunsa za pati?"

"Anayambira pomwe paja. Anati tione ngati lero uli ndi pakamwa. Anaika ndodo, ine ndinati os coxae. Anaisuntha, ndinati os sacrum. Kenako anatenga chithunzi cha za m'kati, ndinati corpus uteri, cervix uteri. Ndinkawayang'ana, Bambo. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndi uteri osati uterus, ndinawauza. Anati ndani anakuphunzitsa zimenezo, ine ndinati kwathu."

Osewera bawo anali ataimitsa masewera. Mmodzi anafunsa mnzake kuti mwanayo akulankhula Chipwitikizi kapena chiyani.

"Wayankha bwino," ndinatero. "Uthengawu ndikaupereka kwa amayi ako ndi kwa azakhali ako lero lomwe."

Ndinaika foni m'thumba la m'kati mwa jekete, ndinapinda thalauza mpaka m'mawondo, ndipo ndinalowa m'mvula. Amayi ake ndinawapeza akutchinga madzi pa khomo la khitchini ndi matumba a mchenga. Ndinawauza kuti mwana wakhoza ndipo malo ake ku koleji ndi otetezeka. Anaweramuka, napukuta manja pa chitenje, nakhala kanthawi akuyang'ana kumtunda.

"Mwamufunsa ngati akudya?"

Ndinavomera kuti funso limenelo sindinafunse.